Galimoto Zomwa Magetsi Popanda Chingwe

M'chaka cha 2003 akuluakulu a mzinda wa Turin, m'dziko la Italy, anayamba kuyendetsa timabasi ta magetsi timene tinali ndi khalidwe lodabwitsa. Basi ikafika kumapeto kwa ulendo wake inkaima pamalo oikika, pamwamba pa chimbale chokwiriridwa mu mseu. Woyendetsa sankatsika, ndipo panalibe munthu wobwera ndi paipi ya mafuta kapena chingwe cha magetsi. Anthu ankatsika, ena nakwera, ndipo pakutha mphindi zowerengeka basi ija inkanyamuka batire lake litamwa mphamvu yothandiza pa ulendo wina. Pakati pa basi ndi mseu panali mpata wa mpweya wokha.

Ndidziwa chimene ambiri a ife tinganene titaona zotere ndi maso athu. Tingagwire pakamwa ndi kuti, "Koma Azungu ndi afiti!" Mau amenewa timawanena moseka, koma ine sindiwakonda, ndipo ndipempha makolo kuti aleke kuwanena pamaso pa ana. Mwana akamva kuti chinthu ndi ufiti, amamvanso kuti chinthucho si chophunzira kusukulu ai, ndiponso kuti ndi cha mtundu wina wa anthu. Motero amatseka mtima wake asanayambe n'komwe. Koma nzeru imene inkadyetsa mabasi a ku Turin ndi yomweyo imene ili m'thiransifoma yopachikidwa pamitengo pafupi ndi chigayo cha kwanu, ndipo amene anaitulukira anali mwana wa m'banja losauka, wosapita patali ndi sukulu, amenenso anadzakhala mkulu wa mpingo.

Mwana wa wosula zitsulo

Michael Faraday anabadwa m'chaka cha 1791 pafupi ndi London. Atate ake anali wosula zitsulo wodwaladwala, ndipo umphawi m'banjamo unali wosabisika. Kusukulu anangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi masamu apang'ono. Ali ndi zaka 14 anampereka kwa munthu wosoka mabuku kuti aphunzire ntchito, nakhala kumeneko zaka 7, ndipo mabuku amene anthu ankabweretsa kudzasoketsa iye ankawawerenga. Mu 1812 anamvera maphunziro a Humphry Davy, katswiri wa sayansi ku Royal Institution. Analemba zonse zimene anamva, nazisoka bwino monga buku, nazitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Mu 1813 anamlemba ntchito yothandiza m'chipinda choyesera zinthu.

Masiku amenewo anthu ophunzira anali atangodziwa chinthu chatsopano. Mu 1820 munthu wina wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, anaona kuti waya amene muli kudutsa magetsi amapatutsa singano ya kampasi ikakhala pafupi. Ndiko kuti magetsi amabala mphamvu ya maginito. Funso limene linatsala linali lakuti: ngati magetsi abala maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Ambiri anayesa nalephera, pakuti ankaika maginito pafupi ndi waya ndi kudikira, koma palibe chimene chinkachitika.

Pa 29 Ogasiti 1831 Faraday anatenga mphete yachitsulo, yaikulu ngati kambale kodyera ndiwo. Mbali imodzi anakulungako waya wamkuwa, ndipo mbali inayo anakulungakonso waya wina, osalola kuti mawaya awiriwo akhudzane. Waya woyamba anaulumikiza ku batire; wachiwiri anaupititsa pafupi ndi singano ya maginito. Pamene ankalumikiza batire, singano inagwedezeka, kenaka inabwerera pamalo pake n'kukhala duu, ngakhale kuti magetsi anali kuyendabe mu waya woyamba. Pamene ankachotsa batire, singano inagwedezekanso, koma kuloza mbali ina.

Awerengi okondedwa, chinsinsi chonse cha nkhani yathu chagona pa kugwedezeka kuwiri kumeneku. Maginito ongokhala phee sabala magetsi. Koma mphamvu ya maginito ikamakula kapena kuchepa, pamenepo imadzutsa magetsi mu waya uliwonse umene uli pafupi, ngakhale wosakhudzana nayo. Makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amagwira ntchito pa lamulo limeneli: madzi a Shire amazunguza maginito pakati pa mawaya. Kadainamo ka panjinga kamene agogo athu ankaunikira usiku n'chimodzimodzi. Thiransifoma ija ndiyo mdzukulu weniweni wa mphete ya Faraday, pakuti m'kati mwake muli mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo, osagundana, koma mphamvu imaoloka kuchoka ku wina kupita ku unzake usana ndi usiku.

Ife a Chipresbiteriyani tili nako kachibale ndi munthu ameneyu. Faraday anali wa kampingo kakang'ono kotchedwa Sandemanian, kamene kanayamba ndi John Glas, mbusa wa Church of Scotland amene anachotsedwa pa ubusa chifukwa chophunzitsa kuti mpingo wa Khristu suyenera kumangidwa pamodzi ndi boma. Mu 1840 Faraday anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingowo, ndipo ankalalikira. Anakana kukhala mtsogoleri wa Royal Society, bungwe lolemekezeka koposa la asayansi ku Britain, anakananso kuthandiza boma kupanga mpweya wakupha pa nkhondo ya ku Crimea. Anamwalira mu 1867. Popeza masamu akuya sankawadziwa, amene analemba maganizo ake m'chinenero cha masamu anali James Clerk Maxwell, wobadwira ku Edinburgh m'chaka chomwecho cha 1831. Ameneyunso anali mkulu wa mpingo, wa Church of Scotland yeniyeniyo, imene inatumiza amishoni oyamba ku Blantyre mu 1876, iye akali moyo. Sindili kunena kuti chikhulupiriro ndicho chinagwedeza singano ija. Ikanagwedezeka ngakhale m'manja mwa munthu wosapemphera. Ndili kungonena kuti wachinyamata amene wauzidwa kuti ayenera kusankha pakati pa Buku Lopatulika ndi buku la sayansi wanamizidwa.

Mdani wake ndi mtunda

Ngati mphamvu ingaoloke popanda waya, bwanji osaitumiza kutali, kuchokera ku Nkula mpaka ku Chitipa, popanda mitengo ndi mawaya? Munthu amene anayesa zotere ndi mtima wake wonse anali Nikola Tesla, amene dzina lake lili pa galimoto zotchuka za magetsi lero. Kuyambira mu 1901 anamanga nsanja yaitali mamita 57 pa Wardenclyffe, kufupi ndi New York, ndi ndalama za munthu wolemera, J. P. Morgan. Ankalota zotumiza mauthenga ndi magetsi padziko lonse. Ndalama zinatha, Morgan anakana kuonjezera, ndipo mu 1917 nsanjayo inagwetsedwa chifukwa cha ngongole. Tesla anamwalira wosauka mu 1943.

Vuto lake ndi lakuti mphamvu ya maginito imazilala msanga ukamatalikira. Ili ngati moto wa m'nyumba nthawi ya chisanu: wokhala pafupi aotha, wokhala pakhomo angoona kuwala. Chotero amisiri otsatira analeka kulota za makilomita, nayamba kulimbana ndi mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pa yunivesite ya Auckland, ku New Zealand, John Boys ndi Grant Covic anatha zaka zambiri akukonza njira imeneyi, ndipo poyamba inagwira ntchito m'mafakitale, kuyendetsa tingolo tonyamula katundu. Mu 2007 gulu la Marin Soljačić pa sukulu ya MIT ku America linayatsa babu la mawati 60 lili pa mtunda wa mamita 2 kuchokera pa gwero la mphamvu, ngakhale kuti yoposa theka la mphamvuyo inatayika panjira. Foni zimene ena a inu mumangozigoneka pa kambale n'kuyamba kutchaja zili m'banja lomweli.

Chimene chimachitika kunsi kwa galimoto

Amayi akafuna kusenza mtsuko amapota nkhata. Tiyerekeze nkhata yotero, koma ya waya wamkuwa, yophwatalala, yaikulu ngati lichero, yotsekeredwa m'chimbale cholimba chimene madzi sangalowemo ndipo tayala silingachiphwanye. Nkhata imodzi ili pansi, pamalo oimika galimoto. Inzake yamangiriridwa kumimba kwa galimoto. Mpata wa pakati pa ziwirizi umakhala wa masentimita 10 kufikira 25, malinga ndi kutalika kwa galimotoyo.

Magetsi a m'nyumba zathu amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi. Kusinthasintha kumeneku n'kokwanira m'thiransifoma, momwe chitsulo chimanyamula mphamvu ya maginito kuchoka ku waya wina kupita ku unzake. Koma kunsi kwa galimoto kulibe chitsulo cholumikiza. Kuli mpweya, umene ndi mtengatenga waulesi. Kuti mphamvu yokwanira ioloke, bokosi la pakhoma limafulumizitsa magetsi aja kuti azipita uku ndi uku pafupifupi ka 85,000 pa sekondi. Kumbukirani kuti chimene chidzutsa magetsi ndi kusintha. Chimene Faraday anachita kawiri ndi dzanja lake, bokosi ili limachichita kambirimbiri pa kuphethira kwa diso kumodzi. Nkhata yapansi imatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha, nkhata ya kumimba kwa galimoto imailandira ndi kuisandutsanso magetsi, ndipo kachipangizo kena kamawaongola kuti aziyenda njira imodzi, monga batire lifunira.

Palinso luso lina limene ana athu alidziwa bwino, ngakhale sadziwa kuti ndi sayansi. Mwana akakwera katungwe, mnzake womkankha safunika mphamvu zambiri. Chofunika n'kukankha pa nthawi yake, pamene katungwe wafika kumapeto ndipo ali kuyamba kubwerera. Akakankha nthawi yolakwika, angatope pachabe. Amisiri amakonza nkhata ziwiri zija kuti zikhale za kayendedwe kamodzi, kotero kuti kukankha kulikonse kwa yapansi kumafika pa nthawi yoyenera kwa yapamwamba. Ndi chifukwa chake mphamvu yambiri imatha kuoloka mpata umene kale unkaoneka waukulu.

Woyendetsa ayenera kuimika bwino. Akaphonya ndi masentimita oposa 10 kumbali, mphamvu yooloka imachepa, ndipo n'chifukwa chake galimoto zotere zimamsonyeza pa kagalasi ka kutsogolo kuti asunthe chotani. Galimoto ndi chimbale chapansi zimayamba zalankhulana pa wailesi, ndipo chimbale sichitulutsa mphamvu ngati pamwamba pake palibe galimoto yoyenera.

Makolo adzafunsa za ngozi, ndipo ayenera kufunsa. Madzi a mvula salepheretsa mphamvuyi, ndipo palibe waya wosavala woti mwana agwire. Choopsa chili pa zitsulo. Msomali, ndalama yachitsulo kapena chitini zikagwera pakati pa nkhata ziwirizo zimatentha kwambiri, ndipo zingayatse udzu kapena pepala. Motero zimbalezi zili ndi zipangizo zozindikira chitsulo chachilendo ndiponso chamoyo chimene chalowa kunsi, ndipo zimadzizimitsa zokha. Ku Ulaya amaganizira amphaka, amene amakonda kugona kunsi kwa galimoto. Kwathu kuno tikanaganizira nkhuku ndi ana okwawa. Malamulo a zipangizozi amaikanso malire a mphamvu ya maginito imene ingatulukire kumbali, poganizira anthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda.

Kwa zaka zambiri kampani iliyonse inkapanga chimbale cha mtundu wake, chosamvana ndi cha inzake. Mu Okutobala 2020 bungwe la akatswiri a galimoto la SAE International linatulutsa muyezo umodzi, wotchedwa J2954, wa mphamvu zofika makilowati 11, kuti galimoto ya kampani ina izitha kumwa pa chimbale cha kampani ina. BMW inali itayamba kale kugulitsa chimbale chake mu 2018, cha makilowati 3.2 okha. Mu 2024 akatswiri a ku Oak Ridge, ku America, anaolotsa makilowati 270 kupita ku galimoto ya Porsche Taycan, koma kumeneko kunali kuyesa chabe.

Mabasi, matakisi ndi miseu

Pamene nzeruyi yaonetsa phindu lomveka ndi pa mabasi. Basi imayenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo imaima pamalo odziwika. Batire loti likwanitse tsiku lonse popanda kuonjezera liyenera kukhala lalikulu, lolemera ndi lodula, ndipo kulemera kwake kumalanda malo a anthu ndi kudya matayala. Koma basi ikamamwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse pamene yaima, batire laling'ono likwanira. Mu 2014 mzinda wa Milton Keynes, ku England, unayamba kuyesa mabasi 8 pa njira ya makilomita 24, pakati pa Wolverton ndi Bletchley. Basi inkaima mphindi 10 pa chimbale cha makilowati 120 kumapeto kwa njira, n'kubwerera. Ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anayamba mu 2022 kuyesa matakisi a Volvo amene ankamwa magetsi ali pa mzere kudikira anthu. Woyendetsa takisi amasuntha pang'onopang'ono pamene anzake a kutsogolo anyamuka, ndipo sangamatsike nthawi iliyonse kuzula ndi kulumikiza chingwe, makamaka m'dziko lozizira chotero.

Alipo enanso amene ambiri sawaganizira. Chingwe cha magetsi amphamvu n'chokhuthala ndi cholemera. Kwa nkhalamba, kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala, kuchinyamula ndi kuchilumikiza ndi ntchito yaikulu. Kwa otere chimbale chapansi chingakhale kusiyana kwa kudzidalira ndi kudikira munthu wowathandiza. Ndiponso m'mizinda ina ya ku America ndi ku Britain akuba akhala akudula zingwe zotchajira kuti akagulitse mkuwa. Ife amene tidziwa mmene mudzi umakhalira mumdima akuba akaononga thiransifoma sitingadabwe. Chinthu chokwiriridwa mu simenti n'chovutirapo kuba.

Ena anapitirira apo, nati: bwanji osakwirira nkhata mu mseu momwemo, kuti galimoto izimwa ili kuyenda? Ku South Korea, yunivesite ya KAIST inayesa zimenezi, ndipo mu 2013 mabasi otere anayamba kuyenda mu mzinda wa Gumi, koma ntchitoyo sinafalikire. Pa chilumba cha Gotland, ku Sweden, kampani ya Electreon inakwirira nkhata pa mtunda wa makilomita 1.6 pakati pa mzinda wa Visby ndi bwalo la ndege. Ku Detroit anatsegula mu Novembala 2023 kachigawo ka mseu ka mamita pafupifupi 400. Ku France anayesa mu 2025 makilomita 1.5 pa mseu waukulu wa A10. Taonani manambalawo: onse ndi aafupi, oti mwana wa Sitandade 3 angayende osatopa. Amisiri aonetsa kuti n'zotheka. Chimene chatsala n'kupeza wolipira. Sweden, dziko lolemera ndiponso limene linayesa njira zingapo za miseu ya magetsi, linaimitsa mu 2023 ntchito ya mseu wotere pakati pa Hallsberg ndi Örebro chifukwa cha kukwera kwa mtengo, ndipo mu 2024 bungwe lake loona za miseu linalangiza boma kuti lisamange miseu yotere m'dziko lonse, popeza phindu lake silingafike pa ndalama zolowapo. Ine ndiona kuti analangiza bwino. Mseu umang'ambika, umakumbidwa, umathiridwa phula latsopano, ndipo kukwirira chuma chotero m'chinthu chimene chimaonongeka chaka ndi chaka n'kofuna kuganiza kawiri.

Tiwerengere pamodzi

Aphunzitsi sitikhulupirira nkhani mpaka titaiika pa bolodi. Batire la galimoto yapakatikati limasunga mayunitsi pafupifupi 60, mayunitsi omwewa amene timagula a m'nyumba. Pa chimbale cha makilowati 11, kulidzaza kuchokera pansi kungatenge maola 6 kapena kuchepera pang'ono, ndiko kuti usiku umodzi.

Koma si magetsi onse otuluka kukhoma amene amafika m'batire. Zimbale zabwino za masiku ano zimafikitsa pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse, galimoto ikaima bwino. Otsalawo amasanduka kutentha. Tisanamize chimbale: chingwe nachonso chimataya, kungoti mocheperapo. Tiyerekeze kuti chingwe chifikitsa magawo 94. Kuti mayunitsi 60 alowe m'batire, wa chingwe adzagula 64, wa chimbale adzagula 67. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 3. Aoneka ochepa. Koma babu la mawati 10 limayaka maola 100 pa yuniti imodzi. Mayunitsi 3 ndi maola 300, ndiko kuti miyezi iwiri ya kuunika kwa maola 5 madzulo alionse, mwana akuwerenga. Zonsezi zatayika pa kudzaza kumodzi kwa galimoto imodzi, kuti mwini wake asawerame ndi kulumikiza chingwe, ntchito imene sitenga mphindi imodzi. Onjezerani apo kuti chimbale ndi nkhata ya kumimba kwa galimoto n'zodula kangapo kuposa bokosi wamba la chingwe. Mu 2025 kampani ya Porsche inalengeza chimbale cha makilowati 11 cha galimoto yake ya Cayenne, ndipo sindidabwa kuti nzeruyi ikulowera ku galimoto za anthu olemera. Kwa munthu wathanzi amene ali ndi galaja yake, ine ndiyesa chimbale ndi chinthu cha manyado.

Pali chiwerengero china chimene sichilembedwa pa bolodi. Nkhata zonsezi ndi zamkuwa, ndipo mkuwa wambiri wa mu Afrika umachokera kwa anansi athu a ku Zambia ndi ku Congo. Mabatire ambiri a galimoto ali ndi mwala wotchedwa cobalt, umene woposa theka la wa padziko lonse umakumbidwa ku Congo. Mu 2016 bungwe la Amnesty International linafalitsa lipoti losonyeza ana akugwira ntchito m'migodi ing'onoing'ono ya mwalawu kum'mwera kwa dzikolo. Oikira kumbuyo zimbale amati batire likachepa, mwala wofunika udzachepanso, ndipo pa mabasi akunena zoona. Komanso makampani ambiri tsopano amapanga mabatire opanda cobalt. Ngakhale zili choncho, Mkhristu akamva za galimoto yosatulutsa utsi ayenera kufunsanso za manja amene anakumba zimene zili m'kati mwake.

Nanga kwathu kuno?

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Galimoto ya magetsi payokha si nkhani ya kutali. Ku Norway, mwa galimoto 100 zatsopano zogulidwa mu 2024, pafupifupi 89 zinali zoyendera batire lokha. Ethiopia, dziko la mu Afrika mommuno, linaletsa m'chaka chomwecho kuitanitsa galimoto zing'onozing'ono za petulo ndi dizilo, chifukwa mafuta ankadya ndalama zakunja pamene magetsi a m'madamu ali nawo. Ife mafuta athu onse amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta taiona. Dontho lililonse limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikanagula mankhwala kapena feteleza. Madzi a Shire ndi dzuwa la ku Salima ndi ku Golomoti sitiitanitsa kunja.

Koma kutchaja popanda chingwe ndi denga la nyumba imene maziko ake sitinamalize. Mabanja ambiri a kumudzi sanalumikizidwe ku magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikumbukira mmene kunalili. Dziko lotere liyenera kuchita nsanje ndi yuniti iliyonse. Chimene chaoneka choyenera kumbali yathu ino ya dziko lapansi ndi china: ku Kigali ndi ku Nairobi akabaza a njinga zamoto za magetsi amafika pa siteshoni, kusiya batire lotha, kutenga lodzaza, n'kumapita pasanathe mphindi zingapo. Palibe nkhata, palibe kukumba mseu. Ngati tsiku lina chimbale chidzafika kwathu, ndiyembekeza kuti chidzayambira pa depoti ya mabasi a m'tauni, pamene galimoto zambiri zingamwe pa chimbale chimodzi, ndipo chidzafuna anyamata ndi atsikana odziwa kuchikonza chikafa.

Yesani nokha

Achinyamata a m'magulu athu a mpingo, kapena banja madzulo a Loweruka, angathe kubwereza zimene Faraday anachita. Pezani bauti yaikulu yachitsulo, mabatire awiri a tochi, kampasi (sukulu zambiri zili nayo, pemphani aphunzitsi), ndi waya wamkuwa wopyapyala wokutidwa, wonga umene umapezeka m'wailesi yakufa kapena m'mota yakale. Okonza mawailesi kumsika angakupatseni.

Kulungani waya mbali imodzi ya bauti, kuzungulira ka 100 kapena kupitirira, ndi kusiya nsonga ziwiri. Tengani waya wina, kulungani mbali inayo ka 200, koma nsonga zake zikhale zazitali, zoposa mita imodzi. Nsonga imodzi yaitaliyo muikulunge pa kampasi ka 30, modutsa pamwamba ndi pansi pake, kenaka muilumikize ndi inzake. Palani nsonga zonse ndi mpeni kuti mkuwa uonekere, apo ai magetsi sadutsa. Ikani kampasi patali ndi bauti, kuti maginito a bautiyo asakoke singano mwachindunji, ndipo muitembenuze mpaka singano igone molingana ndi mawaya oikulunga.

Tsono wina ayang'anitsitse singano, wina akhudzitse nsonga za waya woyamba ku mabatire. Singano idzanjenjemera ndi kubwerera. Achotse: idzanjenjemeranso, kuloza mbali ina. Ikapanda kusuntha, onjezerani kukulunga ndi kuonanso ngati nsonga zapalidwa bwino. Musasiye waya wolumikizidwa nthawi yaitali, pakuti umatentha ndipo mabatire amatha msanga. Batire la galimoto musaligwiritse ntchito, ndipo magetsi a pakhoma musawayandikire n'komwe, amenewo amapha.